Masiku asanu ku Zomba ndi ana a eni ake

Lachitatu, Limbe mpaka Chinamwali

Tinagwirizana 7 koloko mmawa pa depoti ku Limbe koma tanyamuka 10 itadutsa, musandifunse kuti zinakhala bwanji. Ana 9 a gulu la achinyamata a kutchalitchi kwathu, ine mlangizi wawo wa nambala 10, zikwama, mapoto awiri, ndowa, thumba la ufa lomwe amayi a mvano anatisonkhera, ndi sipika yomwe palibe anandiuza kuti ikupita nawo. Kondakitala atangoona thumba la ufa akuti limeneli ndi munthu payekha lilipira mpando, tinakokanakokana mpaka anavomera K3,000, anthufe K7,000 aliyense. Ndalama ya ulendo wonse ili mu kachikwama komwe ndakamangirira mkati mwa chitenje ngati agogo anga, ana akundiseka koma sindikumasula.

Njira yake mukuidziwa, Njuli, Mbulumbuzi, Namadzi, Thondwe, paliponse minibasi ikangoima pawindo pabwera nzimbe, mazira owiritsa, mbatata yootcha. Ine sindinadye kanthu, ndimangowerenga mitu. Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, zoona, koma wako akadwala umangomupatsa panado nkugona, wa mnzako akatsokomola kamodzi mtima umakhala uli m'mwamba. Mayi wina anandiimbira katatu tisanafike ndi pa Namadzi pomwe.

Tafikira pa tchalitchi ina ku Chinamwali, anyamata agona m'kalasi ya Sande sukulu, atsikana ndi ine ku vesitile. Magetsi anathima tikuphika, ndiye mapemphero a madzulo tachita ndi matochi a mafoni. Ine ndabwera nditakonzeka bwino, kope la hadikava, mitu 5, mavesi 30 oti aloweze, ndinalemba usiku wa masiku atatu. Poyambira ndinangoti aliyense anene vesi yomwe amaikonda. Anayi anati Afilipi 4:13. Atatu Yeremiya 29:11. Kamtsikana kathu kakang'ono ka Fomu 1 kanati Yohane 3:16. Mwini sipika anali atagona kale atatsamira khoma kukamwa kuli yasa, ndiye anzake amupatsa dzina loti Utiko, mnyamata uja wa pa Machitidwe 20 amene anasinza Paulo akulalikira mpaka pakati pa usiku nkugwa pawindo. Dzinali lamukhala, sakukana.

Mukawerenga mupeza kuti akwana 9 koma ayi, mmodzi mwa anayi aja anatchula vesiyo moseka, mwachipongwe ndithu. Ndi wamkulu pa onse, wangolemba kumene mayeso a Fomu 4 kachiwiri. Tikutsuka mapoto panja pa mpope ndinamufunsa kuti iwe chimakuseketsa nchiyani, anakhala chete kaye akupala mkute wa nsima kenako akuti, anti, chaka chatha vesi imeneyi ndinailemba pa lula, pa chikuto cha kope lililonse, pa sitetasi, ndinasala kudya masiku atatu, ndikhoza zonse ndikhoza zonse, ndiye masamu ndinakhoza? Akuti vesi ija inandinamiza.

Ndinatsegula pakamwa palibe chinatuluka. Mu hadikava muja mulibe mutu umenewu. Ndangomuuza kuti tikambirana mawa, ndipo pano ndikulemba izi udzudzu ukundiimbira kwaya, tulo palibe.

Lachinayi, mtauni

Tayenda wapansi kwambiri lero chifukwa makabaza 10 ndi bajeti ya tsiku lonse. Zomba ndi tauni yofatsa, mitengo yake ikuluikulu, nyumba zakale za boma zofolera malata ofiira, imaoneka ngati nkhalamba yomwe inali yolemera kale koma sidandaula. Likulu linachoka kuno kupita ku Lilongwe mu 1975, ana anga samadziwa nkomwe, wina amaganiza kuti Lilongwe inabadwa ili likulu. Pa geti ya Chanco ndiye panali chionetsero, aliyense chithunzi payekha, kenako awiriawiri, kenako gulu, akuti tikuloseratu. Wamkulu uja anakana kujambulitsa. Wina atamuuza kuti ofesi za MANEB zili mu Zomba momuno, tipite ukafunse mapepala ako, anangoti mxii.

Mumsika tagula tomato, anyezi, kabichi ndi matemba ouma, ndipo mayi wa tomato ataona chigulu cha ana kumbuyo kwanga anafunsa kuti onsewa nganu? Nditafotokoza anawonjezera mulu wathunthu wa basela, osati tiwiri tija ayi, mulu, akuti kawapatseni adye akule. Pa chiwaya tchipisi cha K1,500 aliyense, Utiko anamaliza chake nkuyamba kulondera cha ena.

Dzulo polowa mtauni tinadutsa pa ndende yaikulu ija ya m'mbali mwa msewu wochokera ku Blantyre, ana anachita kusuzumira pawindo. Usiku ndikusowa tulo mpomwe ndinakumbukira kuti kalata ya Afilipi Paulo anailemba ali womangidwa, amanena yekha mu mutu 1. Ndiye masana titakhala pa kapinga ku Botanic, mtsinje wa Mulunguzi ukuchita phokoso pambali, ndinasiya hadikava mchikwama ndinati lero sitiloweza kanthu, tsegulani Afilipi 4, tiyambira vesi 10 osati 13.

Inu achinyamata amene munatsala kunyumba, tsegulaninso muone nokha. Munthuyu akuthokoza anzake chifukwa anamutumizira thandizo ali pa mavuto. Akuti ndaphunzira kukhutira ndi zimene ndili nazo, ndikudziwa kusowa ndikudziwanso kusefukira, kukhuta ndi kumva njala. Atatha kunena zimenezo mpomwe akuti ndikhoza zonse mwa Iye wondipatsa mphamvuyo. Zonse zake zimenezo ndi njala yomwe, ndi unyolo womwe. Sakunena kuti khomo la ndende litseguka mawa. Akunena kuti ngakhale lisatseguke sindithyoka.

Ndinawauza kuti vesi ili ngati munthu, ili ndi kwawo, ili ndi maneba. Ukakumana ndi munthu pa siteji nkumutenga kupita naye kwanu osadziwa kumene achokera, akakukhumudwitsa usamati wandinamiza. Mawu amenewa anangobwera, sindinawakonzekere, ndipo ndimayang'ana wamkulu uja kuti mwina agwedeza mutu. Sanagwedeze. Anati ndiye bwanji kutchalitchi nthawi ya mayeso amatiimika kutsogolo nkutiuza tikuwe vesi 13 yokha? Ndinati ine ndemwe ndinakukuwitsani chaka chatha, ndinalakwa. Ana onse anakhala chete, sanazolowere kumva munthu wamkulu akunena choncho, inenso sindinazolowere.

Mtsikana wina wa Fomu 3 amene amakonda kutsutsa chilichonse anati tiyeni tiwone maneba a Yeremiya 29:11. Tinapeza kuti ndi kalata yopita kwa anthu ogwidwa ukapolo ku Babulo, ndipo vesi 10 ikuti mukhala kumeneko zaka 70. Pamwamba pake akuwauza kuti mangani nyumba, limani minda, kwatirani, mupempherere mudzi umene mwatengedwerako. Iye akuti aaa anti, 70? Ndiye malingiriro abwino aja ena anafa asanawaone? Ndinati eya, koma taona zimene anauzidwa kuchita podikira, sanauzidwe kukhala pansi kumangoyang'ana kumsewu.

Tabwerera miyendo ikuwawa. Nsima ya matemba otendera, palibe anasiya.

Lachisanu, kuphiri la Zomba

Anatichenjeza kuti tipeze galimoto koma mtengo umene anatchula wa takisi ine ndinangoseka, tinayamba wapansi 6 koloko. Kuzizira kwake kwa mmawa kumeneko, mpweya ukutuluka mkamwa ngati utsi. Ola loyamba kunali kuimba, sipika ili pa phewa la Utiko. Ola lachiwiri sipika inazima yokha ndipo panalibe woidandaula. Msewu wake umangokhota, ukati pakona apo ndiye tafika, ukapeza kona ina ikukudikira.

Chimene chinandichititsa manyazi ndi amayi amene timakumana nawo akutsika, mtolo wa nkhuni wautali kuposa chitseko uli pamutu, ena mwana kumsana, akutsetsereka mothamanga pang'ono chifukwa katunduyo amachita kukukankha. Ife tanyamula mabotolo a madzi basi koma tikulira. Mmodzi anaima kupumira mtolo atautsamiritsa pa mwala, anandiyang'ana mmene ndimapumira nkunena kuti achemwali musamakhale pansi, mukakhala miyendo imauma, muziima chiimire kenako muzipita pang'onopang'ono. Malangizo amenewa anandifikitsa pamwamba. Mitengo ya paini malo ambiri inatha, kwangotsala zitsa ndi timitengo tatsopano, phiri likuoneka ngati mutu wometedwa ndi lumo lobuntha.

Cha ku Ku Chawe anyamata ogulitsa masitilobele ndi mabulosi anatizungulira, kambale kamodzi anayamba ndi mtengo wa azungu, atamva Chichewa changa cha ku Bangwe anatsika okha mpaka K2,000. Tinagula tiwiri, aliyense analawa titatu. Kamtsikana ka Fomu 1 kanali kasanadyepo, kanati ndimayesa ndi zotsekemera ngati za mu yogati, kakwinya nkhope.

Tinakhala m'mbali mwa damu la Mulunguzi, lomwe madzi ake ndi amene amamwa mtauni, tikudya mabanzi ndi Sobo. Vesi ya lero mu hadikava inali Yesaya 40:31, ya ziwombankhanga ija, ndinaisankha dala kuti pamwamba pa phiri ikamveka bwino. Ndisanayambe wamkulu uja anati tiyambe ndi maneba. Ananena moseka koma anatsegula yekha Baibulo langa. Anawerenga vesi 30, yoti ngakhale anyamata adzalefuka ndi kulema. Utiko ali chigonere chagada pa udzu anakweza dzanja akuti ameni, imeneyo ndi yanga. Tinaseka mpaka misozi.

Koma wamkulu uja anapitiriza kukwera m'mwamba ndi chala mpaka vesi 27, pamene Israele akudandaula kuti njira yanga yabisika kwa Yehova, mlandu wanga Mulungu waupitirira. Anawerenga kawiri. Sananene kanthu, ine sindinanenenso kanthu, ndaphunzira dzulo. Ndi mtsikana wotsutsa uja amene anaona chinthu china, akuti bwanji vesi 31 ikuyamba ndi kuuluka, kenako kuthamanga, nkumalizira kuyenda, si zimayenera kukhala zokwera? Ine zaka zonsezi ndimaiwerenga sindinazionepo. Ndinangoti mwina chifukwa masiku ouluka ndi ochepa, ambiri ndi ngati a lero, ongoponya phazi kutsogolo kwa linzake, ndipo mphamvu imafunika kwambiri pamenepo. Kaya ndi zimene mneneri amatanthauza, koma mawondo anga anavomereza.

Kutsika kunali kowawa kuposa kukwera. Madzulo mkulu wa mpingo wina wachikulire anabwera kudzationa atanyamula nthochi phava lonse ndi Buku Lopatulika lake lakale, chikuto anachisoka ndi nsalu. Ana anaona kuti mulibe ch, mwalembedwa cikondi, Macitidwe, cifukwa, ndiye kunali kuseka akuwerenga mokokomeza. Agogowo sanakwiye, anawauza kuti Baibulo limeneli linatuluka lathunthu mu 1922, makolo awo asanabadwe, ndipo lawoli anapatsidwa ali mnyamata. M'mphepete mwa masamba muli madeti olembedwa ndi bolopeni, akuti ili ndi tsiku limene ndinaika mwana wanga woyamba m'manda, ili ndi tsiku limene ntchito inatha. Masalmo ndiye akuda bii ndi zala. Kuseka kunatha kokha.

Loweruka, Kachulu

Lero ndiye ndinaona zakuda.

Kuchokera pamwamba dzulo nyanja ya Chilwa imaoneka pafupi, yoyera ngati lata. Kupitako ndi nkhani ina. Tinakwera kalole pa Matawale, K4,000 mutu umodzi, pamodzi ndi madengu opanda kanthu a amayi ogula nsomba, fungo lake lakale lomwe, tara itatha kunali fumbi loti pofika tonse tinali ofiira nsidze ngati tachokera ku uvuni wa njerwa.

Pa doko pali mabwato, njedza, matemba ayanikidwa pa thandala, ana akusambira m'madzi obiriwira. Ine pulani yanga inali yoti tiwone nyanja, tiwerenge, tibwerere. Ana akuti anti tafika mpaka pano osaponda pa chilumba cha Chisi? Ndinakana kanayi. Sinditha kusambira, ndinene pano poyera, ndipo ndikaganiza amayi aja oimba foni katatu. Koma mwini boti la injini anali bambo wachikulire wooneka wodekha, anthu ena akumudzi amakweranso ndi njinga ndi matumba awo, ndinagonja.

Popita kunali bwino. Bamboyo amatiuza kuti nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo imaphwa, anatchula 1995 ndi 2018, akuti anthu amapita ku Chisi wapansi, pamene tikuyandama apa panali ming'alu yokhayokha. Anatilozera zimbowera, timisasa ta asodzi tomanga pa udzu woyandama, amakhala momwemo masabata. Wamkulu uja anafunsa kuti ikaphwa nsomba zimapita kuti, bamboyo akuti zina zimathawira m'mitsinje ndi m'madambo, madzi akabwera zimabweranso, ife timangosunga maukonde.

Pobwerera mphepo inadzuka. Kaya kwa eni ake inali yaing'ono, chifukwa mayi wina amangosenda chinangwa chake osatekeseka, koma boti limamenya madzi phwa phwa, madzi akulowa m'mbali, siketi yanga yonse nyowe. Bamboyo anapatsa kamtsikana ka Fomu 1 chigubu chodula kuti kazikapa madzi, ndipo kamakapa bwinobwino kakuseka. Ine mlangizi wa achinyamata, mwini mavesi 30, ndinagwira thabwa ndi manja awiri maso nditatseka, mkamwa mukungotuluka Yesu, Yesu, Yesu basi. Palibe vesi ngakhale imodzi imene inabwera. Hadikava inali mchikwama pansi pa mpando, yanyowa, inki yayenderera masamba onse.

Titaponda mtunda miyendo imanjenjemera, ndinakhala pa bwato lovundikira. Wamkulu uja anabwera nkukhala pambali akuti anti, mavesi 30 aja anatsalira ku Chisi? Ndinamumenya ndi chitenje chonyowa. Koma kanali koyamba kumuona akuseka kochokera mumtima chiyambire ulendo.

Kalole kobwerera kanachedwa maola atatu, akuti tayala. Njala inatipeza pamenepo. Mayi wina wogulitsa mpunga, wovala mpango wachisilamu, anationa tikugawana mabanzi awiri otsala anthu 10, anangoti bwerani kuseri kuno. Anatiphikira mpunga wa konkuno, wonunkhira, ndi matemba aawisi a tomato, ndinalipira mpunga wokha, za nkhuni, ndiwo ndi ntchito yake anakana, akuti nanenso ndili ndi ana ali kutali, wina akawapatsa.

Podikira pomwepo tinawerenga Marko 4 kumapeto, ya namondwe. Aliyense amadziwa poti Yesu anadzudzula mphepo. Ine lero ndinaona vesi 38, Iye ali mtulo pa mtsamiro kumbuyo kwa ngalawa, ophunzira akumudzutsa ndi funso loti Mphunzitsi, kodi simusamala kuti tikufa? Ndi funso lopanda ulemu, ndipo ena mwa ofunsawo anali asodzi odziwa nyanja. Wamkulu uja anati ndiye zimaloledwa kumufunsa Mulungu choncho? Ndinamuonetsa Masalmo 13 pamene Davide akufunsa kuti mpaka liti, kanayi konse motsatizana, ndi Masalmo 88 amene amathera mumdima osabwerera ku aleluya. Ndinati zinalembedwa ndipo palibe anazifufuta. Amene amafunsa choncho ndiye kuti akuyankhulabe naye, woopsa ndi uja wangotseka chitseko mwakachetechete nkumabwerabe ku kwaya.

Anati chaka chonse chino sindinapemphere, ndimangotseka maso anthu akamapemphera. Ndinati ndamva. Sindinawonjezere.

Lamulungu, Chinamwali kubwerera kwathu

Thupi lonse likuwawa ngati andipuntha. Ana anaimba nyimbo ziwiri mu mapemphero a Chichewa, sipika inagwira ntchito yake pomaliza, ndipo abusa atapempha kuti mlendo mmodzi anene mawu, anzake anakankha kamtsikana ka Fomu 1. Kanawerenga 1 Timoteo 4:12, munthu asapeputse ubwana wako, mawu akunjenjemera, kenako kanati ndiwerenganso neba wake, nkupitiriza vesi 13 yonena za kusamala kuwerenga. Mpingo sunamve za nebazo koma benchi yathu yonse inagwira pakamwa.

Amayi a pano anatipatsa chinangwa chophika ndi thobwa m'botolo la malita 5 za panjira. Ufa unatsala pang'ono tawasiyira. Ndalama yatsala K11,500, ndikabweza kwa msungichuma ndi malisiti amene ndili nawo, a kalole ndi boti kulibe, andikhulupirire basi.

Mu minibasi wamkulu uja anakhala pambali panga. Titadutsa Thondwe anandifunsa ngati ndingamubwereke Baibulo langa mpaka zotsatira za mayeso zituluke, la pafoni akuti limabwera vesi imodziimodzi ndipo mauthenga amasokoneza. Ndinamufunsa kuti ukufuna uyambire pati, akuti pali bambo wina pa Marko 9 amene anati ndikhulupirira, thandizani kusakhulupirira kwanga, ndinamuona dzulo ndikufufuza mutu 4, ndikufuna ndione kwawo. Ndinamupatsa. Sindinamufunse ngati wayambanso kupemphera ndipo sindikudziwa kuti mayesowo akhoza kapena ayi, masamu akuti pepala lachiwiri linali lowawa.

Ine ndinagona kuyambira pa Namadzi, akuti kukamwa kuli yasa, pali ndi chithunzi chomwe ndalamula kuti chifufutidwe. Anandidzutsa pa Limbe akundiitana anti Utiko. Tawerenga mitu yakwana 9, zikwama zonse zilipo, ndowa ilipo, poto wamkulu wa amayi a mvano tamuiwala ku Chinamwali.